Msika wa gofu ndi mwendo wotsimphina wa Tiger Woods

Pa 30 Disembala 2025 Tiger Woods anakwanitsa zaka 50, ndipo chaka chonsecho chinatha osaoneka akumenya mpira pa mpikisano uliwonse wa PGA Tour. Mu Febuluwale anataya mayi ake, a Kultida. Mu Malichi anaduka mtsempha wa kuchidendene akukonzekera kwawo ku Florida, ndipo mu Okutobala madokotala anamuchitanso opaleshoni ya msana, kachisanu ndi chiwiri. Ngakhale zili choncho, mukaimitsa munthu mumsewu ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku London ndi kumuuza kuti atchule wosewera gofu mmodzi, dzina limene lituluke ndi lomweli. Munthu amene anapambana komaliza mu 2019 ndiye akadali nkhope ya masewera a ndalama zankhaninkhani. Izi ndi zonyaditsa kwa iyeyo, koma kwa eni masewerawa ndi chizindikiro chakuti pali ntchito imene sanaigwire pa nthawi yake.

Kuti timvetse kukula kwa nkhaniyi tiyambe ndi ndalama. Mu 1996, chaka chimene Woods analowa gofu wolipidwa ali ndi zaka 20, mphotho zonse za PGA Tour zinali pafupifupi $66 miliyoni, ndipo osewera amene anapeza ndalama zoposa $1 miliyoni pa chaka anali 9 okha. Zaka khumi zitadutsa mphothozo zinali zitapitirira $250 miliyoni, ndipo opeza miliyoni pa chaka anali oposa 90. Ambiri mwa anthu amenewa sanamugonjetsepo Woods pa mpikisano waukulu ngakhale kamodzi. Anamanga nyumba zawo ndi ndalama zimene iyeyo anabweretsa, ndipo oona mtima pakati pawo, kuphatikizapo Phil Mickelson amene anali mdani wake wamkulu pabwalo, akhala akuvomereza zimenezi poyera.

Chinayambitsa zonse ndi mlungu umodzi wa Epulo 1997 ku Augusta. Mnyamata wa zaka 21, mwana wa msilikali wachikuda ndi mayi wochokera ku Thailand, anapambana Masters posiya womutsatira ndi mashoti 12. Anatero pa kalabu imene inalandira membala wake woyamba wachikuda mu 1990, pa mpikisano umene munthu wakuda woyamba kuseweramo, Lee Elder, anaitanidwa mu 1975. Akuti anthu pafupifupi 44 miliyoni ku America anaonerako tsiku lomalizalo. Patangopita milungu yochepa, mkulu wa PGA Tour pa nthawiyo, a Tim Finchem, anakhala pansi ndi makampani a kanema kukambirana kontirakiti yatsopano, ndipo sanafunike kulankhula zambiri. Mu 2001 anakambirananso, Woods atangotenga zikho zonse zinayi zikuluzikulu motsatizana. Mtengo unakweranso.

Msika umenewu umayenda chonchi. Kampani imagula dzina la mpikisano ndi nthawi yotsatsira malonda. Nyumba za kanema zimalipira PGA Tour kuti zionetse masewerawo, ndipo zimabweza ndalama zawo malinga ndi kuchuluka kwa maso amene ali pa kanema Lamlungu masana. Anthu osewera gofu amaonera ndithu, kaya akutsogola ndani, koma ndi ochepa. Chimene Woods anabweretsa ndi khamu la anthu amene sanagwirepo ndodo ya gofu: agogo, ana asukulu, anthu a m'malo omwera, amayi amene ankangofuna kuona ngati wa malaya ofiira uja apambanenso. Khamu limeneli silinkabwerera gofu. Linkabwerera munthu mmodzi, ndipo iye akachoka nalonso linkazimitsa kanema.

Ife a ku Malawi sitifuna womasulira pa nkhani yotere. Tikudziwa za dziko limene chuma chake chimatsamira pa fodya: chaka chimene mitengo yakwera ku okushoni aliyense amaiwala zobzala mbewu zina, ndipo nkhani yosintha ulimi imayamba kukambidwa pokhapokha mabelo akabwezedwa. Akuluakulu a gofu anakhala zaka khumi ndi ziwiri akukolola m'munda umodzi, ndipo sanaone chifukwa cholimira wina.

Chenjezo loyamba linabwera mu Juni 2008. Woods anapambana US Open ku Torrey Pines ali ndi bondo lowonongeka komanso fupa la mwendo losweka, atalimbana ndi Rocco Mediate maenje 19 owonjezera tsiku Lolemba. Kenako anapita ku opaleshoni ndipo sanaonekenso chaka chimenecho. Owonera mipikisano imene ankakonda kusewera anatsika ndi pafupifupi theka. Padraig Harrington wa ku Ireland anatenga zikho ziwiri zikuluzikulu motsatizana miyezi imeneyo, ntchito yaikulu zedi, koma anthu ambiri ankangofunsa kuti Tiger abwera liti.

Kenako panadza usiku wa pa 27 Novembala 2009, pamene galimoto yake inawomba mpope wa madzi ozimira moto ndi mtengo pafupi ndi nyumba yake. Za chibwenzi zimene zinaululika pambuyo pake sitikufuna kuzibwereza. Banja linatha mu 2010 ndipo amene anavutika kwambiri ndi mkazi ndi ana. Chimene chikutikhudza pano ndi mmene msika unagawikanira. Accenture, AT&T ndi Gatorade anamusiya. Nike ndi EA Sports anakhalabe. Kusiyana kwake n'komveka: Accenture inkagulitsa khalidwe lake, ikuuza makampani kuti aidalire monga mmene munthu angadalire Tiger, pomwe Nike inkagulitsa kamenyedwe kake ka mpira, ndipo kameneka sikanali pa mlandu. Akatswiri awiri a zachuma pa yunivesite ya California ku Davis, a Christopher Knittel ndi a Victor Stango, anawerengera kuti eni masheya a makampani omuthandiza anataya pakati pa $5 biliyoni ndi $12 biliyoni m'masabata oyambirirawo. Ena anatsutsa kawerengedweko, koma kungoti nkhani ya m'banja la munthu mmodzi ikambidwe m'mabiliyoni kukuonetsa pamene zinthu zinali zitafika.

Apa ndi pamene panaoneka chinthu chimene chakhala chikuyendetsa maganizo a eni gofu mpaka lero. Woods atabwerera ku Masters mu Epulo 2010, atanyozeka dziko lonse, tsiku loyamba la mpikisanowo linaoneredwa ndi anthu pafupifupi 5 miliyoni pa ESPN, chiwerengero chimene gofu anali asanachionepo pa kanema wolipira. Tiger wovutika ankagulitsa malonda chimodzimodzi ndi Tiger wopambana, mwinanso kuposa. Chimene msika sunkapirira ndi kusowa kwake. Kuluza kunalibe vuto, bola aoneke.

Zaka za 2014 mpaka 2017 zinayesa mfundo imeneyi mpaka pamapeto. Msana unayamba kukana. Mu 2014 analephera kupita ku Masters koyamba chiyambireni, ndipo owonera anatsika moonekeratu. Mu Januwale 2015 ku Phoenix, munthu amene dziko linkamudziwa kuti ndi wa manja ofewa koposa pafupi ndi dzenje ankalephera tishoti tating'ono ta mamita khumi. Ndodo inkakumba dothi mpira usanakhudzidwe, kapena inkamenya mpirawo pamimba n'kuuthamangitsa kudutsa dzenje mpaka kutsidya. Anamaliza tsikulo ndi mashoti 82. Mu Juni chaka chomwecho, pa mpikisano wa Memorial umene anaupambanapo kasanu, anamenya 85, ndipo m'mawa mwake anasewera yekhayekha chifukwa anali womaliza pa mndandanda ndipo panalibe womuphatikiza naye. Anthu anamutsatirabe, mizere mizere m'mbali mwa zingwe, ali chete ngati operekeza odwala. Mu Epulo 2017 anamulumikiza mafupa a msana. Mwezi wotsatira apolisi anamupeza atagona pa chiwongolero ku Jupiter, atasokonezeka ndi mankhwala opha ululu ndi ogonetsa, ndipo chithunzi cha nkhope yake yotupa chinazungulira dziko. Chakumapeto kwa Novembala chaka chimenecho anali pa nambala 1,199 padziko lonse, munthu amene anakhala pa nambala 1 masabata 683.

Zaka zomwezo malonda a zipangizo anagwa. Mu 2014 sitolo zazikulu za Dick's Sporting Goods zinachotsa ntchito aphunzitsi a gofu mazanamazana. Mu Ogasiti 2016 Nike inalengeza kuti yasiya kupanga ndodo, mipira ndi zikwama za gofu, bizinesi imene inaimanga pa dzina la Woods. Mwezi wotsatira Golfsmith inagwa ndi ngongole, ndipo mu 2017 Adidas inagulitsa TaylorMade pa $425 miliyoni. N'kosavuta kuloza chala msana wa munthu mmodzi, ndipo ambiri anatero. Ife tikuona kuti kumeneko n'kumunamizira. Chiwerengero cha osewera gofu ku America chinafika pafupifupi 30 miliyoni chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, n'kuyamba kutsika Woods akadali pachimake, mpaka kufika pa 24 miliyoni. Mabwalo anamangidwa ochuluka kuposa ofuna kusewerapo, ambiri ngati nyambo yogulitsira nyumba, ndipo mavuto azachuma a 2008 atabwera anatsekedwa motsatizana. Masewera odya maola anayi kapena asanu, a zipangizo zodula, sakanakula chifukwa chongoti pali ngwazi pa kanema. Woods anachulukitsa owonera. Osewera anawachulukitsa pang'ono, kwa kanthawi.

Lonjezo limene linatipweteka kwambiri posakwaniritsidwa ndi la ana achikuda. Mu 1997 aliyense ankanena kuti pakatha zaka makumi awiri PGA Tour idzakhala itadzaza ndi anyamata akuda otsatira mapazi a Tiger, ndipo chaka chomwecho bungwe la First Tee linakhazikitsidwa kuti lifikitse masewerawa kwa ana osauka. Zaka zambiri zotsatira Woods anali yekha. Harold Varner III, Cameron Champ ndi Joseph Bramlett anabwera mochedwa, ndipo owerengeka ndi zala. Chodabwitsa n'chakuti m'zaka za m'ma 1970 osewera akuda pa Tour anali ambiri kuposa pa nthawi ya Tiger. Anthu ngati Charlie Sifford ndi Lee Elder analowera khomo la kunyamula zikwama za osewera olemera, monganso Vincent Tshabalala wa ku South Africa amene anapambana French Open mu 1976. Tingolo ta injini titalowa m'mabwalo a ku America, ntchito yonyamula zikwama inachepa ndipo khomolo linatsekeka. Chithunzi cha ngwazi pakhoma sichilipira ndalama ya umembala, sichigula ndodo, sichilipira ulendo wopita ku mipikisano ya achinyamata. Ndalama zimene Woods anabweretsa zinathera kwambiri m'matumba a osewera amene anali kale m'katimo.

Ndiye kunabwera 2018, ndipo aliyense anaiwala maphunziro onsewa. Mu Malichi anakhala wachiwiri pa Valspar, mpikisano wamba, ndipo owonera anachuluka pafupifupi katatu poyerekeza ndi chaka cham'mbuyo. Mu Sepitembala ku East Lake, mumzinda wa Atlanta, akuyenda kupita ku dzenje la 18 akutsogola, khamu linadumpha zingwe. Anthu masauzande anathamangira m'bwalo, mafoni m'mwamba, apolisi ndi alonda akuyesa kupanga mpanda ndi manja, Rory McIlroy amene ankasewera naye akuthamanga kuti asamizidwe. Woods anatulukira pakati pa chigulucho milomo ikunjenjemera. Tsiku lomwelo, pa bwalo lomwelo, Justin Rose anapambana FedEx Cup ndi $10 miliyoni, ndipo ndi anthu ochepa amene amakumbukira. Mu Epulo 2019 Woods anavala jekete yobiriwira ya wopambana Masters kachisanu, chikho chake chachikulu cha nambala 15. Chifukwa choopa mvula yamkuntho anayamba m'mawa, moti kuno kwathu amene ali ndi DStv anaona mapeto ake chakumadzulo ndithu, ana asanagone, m'malo modikira pakati pa usiku monga zimakhalira. Mu Okutobala anapambana ku Japan n'kufanana ndi Sam Snead pa zipambano 82. Mu Malichi 2020 PGA Tour inasaina kontirakiti ya zaka zisanu ndi zinayi ndi CBS, NBC ndi ESPN, imene akuti ndi ya pafupifupi $700 miliyoni pa chaka. Kachitatu konse, mtengo wa gofu unaikidwa Woods atangochita chozizwitsa.

Pa 23 Febuluwale 2021 galimoto imene ankayendetsa inagubuduzika pafupi ndi Los Angeles, ndipo mwendo wake wamanja unaphwanyika moti madokotala anaganizapo zoudula. Chaka chimenecho sanasewere mpikisano wa Tour ngakhale umodzi. Koma chaka chomwecho PGA Tour inayambitsa thumba lotchedwa Player Impact Program, lopereka ndalama kwa osewera potengera kutchuka: kangati dzina lafufuzidwa pa intaneti, kangati latchulidwa m'nkhani, latenga nthawi yotani pa kanema. Woyamba anali Woods, ndipo analandira $8 miliyoni. Mu 2022 analandira $15 miliyoni atasewera mipikisano itatu, ndipo mu 2024 anatsogolanso. Sitikumuchitira nsanje; ngati pali munthu amene gofu ali naye ngongole ndi ameneyu. Koma thumba limeneli linali kuvomereza poyera kuti chimene chikugulitsidwa ndi dzina, osati mashoti. Masewera amene ulemu wake unali wakuti ukalephera kudutsa masiku awiri oyamba umabwerera kwanu chimanjamanja, anayamba kulipira munthu chifukwa chodziwika.

Amene anamva bwino uthenga umenewu anali a ku Saudi Arabia. Thumba la boma lawo, PIF, linakhazikitsa LIV Golf motsogozedwa ndi a Greg Norman, ndipo linachita chinthu chomwecho mopanda manyazi: kugula maina ndi ndalama zoperekedweratu. Mickelson anapita, Dustin Johnson, Bryson DeChambeau, Brooks Koepka, Cameron Smith, ndipo kumapeto kwa 2023 Jon Rahm. Mpikisano woyamba, mu Juni 2022 pafupi ndi London, anaupambana Charl Schwartzel wa ku South Africa n'kulandira $4 miliyoni. A Norman ananena kuti Woods anauzidwa za ndalama za pakati pa $700 miliyoni ndi $800 miliyoni, iye n'kukana. Mu Ogasiti chaka chomwecho Woods anakwera ndege, akutsimphina, kupita ku Delaware kukakumana ndi osewera otchuka kuti asabalalike. Munthu amene sakanatha kuyenda maenje 72 popanda ululu ndiye anagwira mzati wa nyumba. Akanavomera ndalama zija, PGA Tour imene tikuidziwa bwenzi kulibe.

Mtengo wa nkhondoyi ndi umene ukulipidwa tsopano. Pofuna kusunga osewera, Tour inakweza mphotho za mipikisano yosankhika kufika $20 miliyoni uliwonse. Scottie Scheffler mu 2024 anapeza $29 miliyoni pabwalo ndi $25 miliyoni ina ya FedEx Cup. Woods atapambana Masters mu 1997 analandira $486,000. Kukwera kwa m'zaka za Tiger kunali ndi maziko, chifukwa owonera ankachuluka. Kukwera kwa pano kunabwera chifukwa cha mantha, ndipo mu 2024 owonera anatsika m'malo mokwera, ngakhale pa Masters penipeni. Makampani anayamba kuwerengera. Honda, imene inathandiza mpikisano wake ku Florida kwa zaka zoposa 40, inachoka. Wells Fargo nayo inasiya. Mu Januwale 2024 Tour inalandira $1.5 biliyoni kuchokera ku gulu la eni matimu a masewera ena ku America, Strategic Sports Group, ndipo anthu otere saika ndalama pamalo chifukwa cha chikondi, adzafuna phindu. Mgwirizano ndi PIF umene unalengezedwa modzidzimutsa pa 6 Juni 2023 unali usanaphule kanthu pofika kumapeto kwa 2025, ngakhale anakakambirana ku White House mu Febuluwale 2025. Wokonda masewerawa amaona akatswiri onse pamodzi kanayi kokha pa chaka.

Pali chithunzi chimodzi chimene chiyenera kutivutitsa tonse amene timaonera. Loweruka la Masters ya 2023 kunali mvula yozizira. Woods anali atadutsa masiku awiri oyamba movutikira, ndipo masana ake makamera anamupeza akuyenda kuchoka pamene anamenyera mpira kupita kwa womunyamulira chikwama, mtunda wa masitepe ochepa. Ankakoka mwendo wamanja, phewa litapendekeka, phazi lililonse akuliika pansi mosamala ngati pali minga. Anali womaliza pa onse. Kanema sanachoke pa iye. M'mawa mwake anadzichotsa mu mpikisano, ndipo patapita masiku ochepa anamulumikiza mafupa a akakolo. Palibe amene anamukakamiza kusewera. Ndi munthu wamkulu, wouma mutu kuyambira ali mwana, ndipo chaka chotsatira anabweranso n'kudutsa masiku awiri oyamba kachi 24 motsatizana, mbiri ya Augusta. Koma bizinesi imene phindu lake limakwera pamene munthu wolumala akudzikoka pamaso pa anthu iyenera kudzifunsa kuti ikugulitsa chiyani. Ife owonera tili momwemo, chifukwa maso athu ndiwo amawerengedwa.

Nkhani yabwino, imene siikambidwa mokwanira, ndi yakuti gofu wa anthu wamba anadzuka popanda Tiger. Mliri wa Covid-19 utatseka malo ambiri mu 2020, mabwalo a gofu anali m'gulu la malo ochepa amene munthu akanapitako panja motalikirana ndi anzake. Anthu anabwera ndipo sanachoke. Pofika 2024 osewera pabwalo ku America anali atakweranso kufika 28 miliyoni, ndipo amayi ndi achinyamata ndi amene anachuluka kwambiri mwa atsopanowo. Malo ngati Topgolf, kumene anthu amamenya mipira akudya ndi kucheza, akoka mamiliyoni ena. Achinyamata ambiri amaonera gofu pa YouTube, kumene DeChambeau ndi magulu ngati Good Good ali ndi owatsatira mamiliyoni. Chimene Woods pachimake penipeni sanathe kuchita, kuika ndodo m'manja mwa anthu, chinachitika masewerawa atafika pafupi, atafupika ndiponso atasiya kuopseza obwera kumene. Vuto lili kumtunda kokha, kwa akatswiri olipidwa.

Ngakhale kumeneko, 2025 inaonetsa njira. McIlroy anadikira zaka 11 kuti apambanenso chikho chachikulu, ndipo Masters ndi imene inkamusowa kuti akwanitse zonse zinayi. Lamlungu la Epulo lija anataya mpikisano n'kuutolanso kangapo, anaponya mpira m'madzi pa dzenje la 13, analephera kakang'ono pa 18, kenako anagonjetsa Rose pa dzenje lowonjezera n'kugwada pansi akulira. Anthu oposa 12 miliyoni anaonera ku America, ochuluka koposa kuyambira 2018, Woods kulibe. Anthu amatsata munthu amene akumudziwa, amene amuona akugwa, pa mpikisano umene uli ndi tanthauzo, akulimbana ndi anzake onse amphamvu. Scheffler, amene anatenga PGA Championship ndi Open mu 2025, akusewera gofu amene sitinamuonepo chichokereni Tiger wa m'ma 2000, koma ndi munthu wofatsa, wapabanja pake, wosafuna phokoso. Ena akudandaula kuti sakoka anthu. Ife tikuti asiyeni. Kumusandutsa Tiger wachiwiri n'kubwereza kulakwitsa komwe kuja.

Kutsogoloku kuli mayesero atatu okhudza Woods, ndipo loyamba ndi lapafupi. Zaka 50 zikumulola kulowa PGA Tour Champions, ya akuluakulu, kumene mipikisano yambiri ndi ya masiku atatu ndipo wosewera amaloledwa kukwera kangolo. Okonza mipikisano imeneyo akudikira ndi mtima wonse, chifukwa kubwera kwake kamodzi kungadzaze bwalo limene nthawi zonse limakhala la anthu ochepa. Ngati thupi lilola ndipo mtima ukufuna, apite akasangalale. Koma asamuike pa bajeti. Lachiwiri ndi TGL, ligi ya m'nyumba imene anayambitsa ndi McIlroy mu Januwale 2025 ku Palm Beach Gardens, kumene amamenya mpira pa chinsalu chachikulu ndipo masewero amatha m'maola awiri. Usiku umene Woods anasewera koyamba owonera anafika miliyoni imodzi. Ngati ligiyi idzaima pokhapokha iye akaoneka, ndiye kuti ndi matenda akale m'nyumba yatsopano.

Lachitatu ndi lalikulu, ndipo ndi pamene tikufuna kuika mtima. Mu 2025 PGA Tour inalemba a Brian Rolapp, ochokera ku NFL, kukhala mkulu wake, ndipo iwo anasankha Woods kutsogolera komiti yokonza tsogolo la mipikisano. Mphepo ikulowera kochepetsa: mipikisano yochepa, osewera ochepa, otchuka azikumana kawirikawiri. Kuyambira 2026 makadi okhazikika a umembala wa Tour atsika kuchoka pa 125 kufika pa 100. Mbali ina ya maganizowa ndi yolondola, chifukwa mipikisano yoposa 40 pa chaka imatopetsa ndipo yambiri imafanana. Koma wapampando wa komitiyi akumbukire khomo limene iye analowera. Mu 1996 analibe khadi. Anaitanidwa ndi makampani ku timipikisano ta kumapeto kwa chaka timene akatswiri ankatinyalanyaza, n'kupambana ku Las Vegas ndi ku Walt Disney World m'milungu yochepa. Mipikisano iwiri yonseyi lero kulibe: wa ku Disney unatha mu 2012, ndipo wa ku Las Vegas unasowa pa kalendala ya 2025 wothandiza atachoka. Tour yotsekeka, ya anthu 70 olemera ogawana $20 miliyoni sabata ndi sabata popanda woopa kuchotsedwa, ingasangalatse eni masheya zaka zisanu, koma siingabale munthu watsopano. Aldrich Potgieter wa ku South Africa, amene anapambana ku Detroit mu Juni 2025 ali ndi zaka 20, anapambana pa mpikisano wa mtundu umene ukufuna kudulidwawo.

Komitiyo iyang'anenso kunja kwa America. Amene anaona Presidents Cup ya 2003 ku Fancourt, pamene Woods ndi Ernie Els analimbana maenje atatu owonjezera mpaka mdima unawaletsa ndipo chikho anagawana, akudziwa njala imene ili kum'mwera kwa Africa kuno. Dera limene linabala Gary Player, Els, Retief Goosen ndi Nick Price wa ku Zimbabwe, amene anali nambala 1 padziko lonse mu 1994, lakhala likuonera akatswiri pa kanema wa usiku kwa zaka zambiri. LIV, ndi zofooka zake zonse ndiponso ndalama zimene ikutaya chaka ndi chaka, inaona mpata umenewu: ku Adelaide imadzaza bwalo, ndipo inaika mpikisano wa Malichi 2026 ku Steyn City, ku Johannesburg. Scott Vincent wa ku Zimbabwe anapeza njira yake yopita ku ndalama zazikulu kudzera ku Asia, osati ku America. Pa zaka zonse zimene khamu la Tiger linkadzaza kanema wa ku America, PGA Tour sinavutike kupita kwa anthu amenewa.

Makontirakiti a kanema akutha mu 2030, ndipo zokambirana zidzayamba kale chakacho chisanafike. Aka kadzakhala koyamba kuyambira 1997 kuti PGA Tour ikhale pa tebulo popanda kulonjeza kuti Woods adzakhala akulimbirana chikho Lamlungu. Ogula adzafunsa kuti Rahm ndi DeChambeau adzakumana kangati ndi Scheffler ndi McIlroy, adzafunsa zaka za anthu amene akuonera, ndiponso adzafuna kudziwa ngati mphotho za $20 miliyoni zikuchokera kwa owonera kapena ku ngongole. Mayankho a mafunso amenewa ali m'manja mwa komiti imene Woods anasankhidwa kuti atsogolere, ndipo nthawi yake yogwirira ntchito ndi imene yatsala zokambiranazo zisanayambe.